Kutumikira Mulungu Pamene Matenda Akhalitsa m'Nyumba

Yozikidwa pa 1 Samueli 30:1-25

1, 2. (a) Kodi moyo wa m'midzi ya kumadzulo kwa Durban ngwotani? (b) Kodi ndi mafunso otani amene amabuka pamene matenda akhalitsa m'banja lachikristu?

KUMADZULO kwa mzinda wa Durban, ku South Africa, msewu wakale wopita ku Pietermaritzburg umakwera pang'onopang'ono kufikira wapaulendo atayamba kuona chigwa chachikulu chodzala ndi zitunda, chotchedwa Valley of a Thousand Hills. Mtsinje wa Umgeni umayenda mokhotakhota m'munsi mwake. Ngakhale kuti doko ndi mafakitale a mumzinda zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 okha, moyo wa m'midzi ya pazitundazo sumasiyana kwenikweni ndi wa ku Dedza, ku Katete, kapena ku Angónia. Pali dimba lofuna kuthirira, mbuzi zofuna kutsekulira, nkhuni zofuna kutola, ndi tinjira totsetsereka timene munthu wa mapapu abwino yekha ndiye angakwere popanda kuima.

2 Talingalirani za mwamuna ndi mkazi wake, onse aŵiri Akristu, okhala m'mudzi wotero. Mwamunayo ali mkulu mumpingo waung'ono. Iye amachititsa misonkhano, amachezera ofooka, ndipo pakagwa maliro m'mudzi amanyamula khasu kukakumba manda limodzi ndi amuna anzake. Mkaziyo, kuwonjezera pa kulalikira, wakhala akuyendera odwala mwaufulu kukawakumbutsa kumwa mankhwala. Ndiyeno iye mwiniyo akuyamba kutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku. Kuchipatala akumpeza ndi chifuwa chachikulu cha TB. Akumwa mankhwala onse, ndipo potsirizira pake akuuzidwa kuti wachira. Komabe, patapita zaka ziŵiri, iye sakhoza kusenza ndowa ya madzi kufika nayo pakhomo popanda kuitula katatu. Kodi okwatirana ameneŵa angapitirize motani kutumikira Yehova? Kodi mwamunayo ayenera kutula ena a mathayo ake? Ndipo kodi Mulungu amawaona motani awo amene matenda awachititsa kutsalira m'mbuyo?

Matenda Amene Satha Msanga

3. Kodi nchifukwa ninji antchito odzifunira akhala ofunika pothandiza odwala TB?

3 Mu 1993 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti TB inali itakhala tsoka la dziko lonse lofuna kuchitapo kanthu mwamsanga. Chigawo chimene tsopano chimatchedwa KwaZulu-Natal, mmene muli Durban, chinakhala pakati pa madera okanthidwa koposa, popeza kachilombo ka HIV kanali kufooketsa chitetezo cha m'thupi cha anthu ambiri. Mankhwala a TB wamba amamwedwa kwa miyezi 6. Vuto nlakuti patapita milungu yoŵerengeka wodwalayo amayamba kupezako bwino ndipo amafuna kuleka, pamene tizilombo tina tidakali moyo. Chotero kuyambira mu 1991, ku Hlabisa, kumpoto kwa Durban, achipatala anayamba kupempha anthu wamba, kuphatikizapo eni magolosale a m'midzi, kusunga mankhwala a wodwala ndi kumuonerera akumeza. Azulu amatcha awo oyendera odwala m'makomo kuti onompilo. Ku Malaŵi nakonso aliyense amamdziŵa gadiyani, wachibale amene amagona pansi pambali pa bedi ndi kuphikira wodwala wake kuseri kwa chipatala.

4. Kodi nchifukwa ninji kuuzidwa kuti munthu wachira sikumathetsa mavuto nthaŵi zonse?

4 Nthaŵi zina nthendayo imakana mankhwala. Mu 2005 ndi 2006 madokotala a ku Tugela Ferry, m'chigawo chimodzimodzicho, anapeza odwala 53 okhala ndi mtundu wa TB wosamva mankhwala ambiri amene analipo, ndipo 52 a iwo anafa. Kwa zaka zambiri TB yosamva mankhwala inafuna chithandizo cha pafupifupi zaka ziŵiri, limodzi ndi majekeseni opweteka amene anagonthetsa odwala ena kwa moyo wawo wonse. Mu 2018 dziko la South Africa linaloŵetsa mapilisi atsopano m'malo mwa majekeseniwo. Ngakhale kuli tero, ambiri amene tizilombo tatha m'thupi mwawo amatsala ndi zipsera m'mapapu, befu, ndi kutopa kosatha. Khadi la kuchipatala limanena kuti wachira, anansi amaleka kubwera kudzazonda, koma m'nyumbamo matenda adakalimo. Zofananazo zimachitika ndi sitiroko, nyamakazi, ndi matenda a shuga.

5. Kodi nchiyani chimasonyeza kuti kudwala kwa nthaŵi yaitali sikuli umboni wa kusayanjidwa ndi Mulungu?

5 Olemba Baibulo sananyalanyaze utali wa matenda. Iwo anaŵerenga zaka zake: 12 za mkazi wa nthenda yotaya mwazi amene anathera chuma chake chonse kwa ochiritsa, 8 za Eneya wa ku Luda, ndi 38 za mwamuna wa pathamanda la Betesda. (Marko 5:25, 26, Yohane 5:5, Machitidwe 9:33) Ameneŵa anachiritsidwa mozizwitsa. Koma nzochititsa chidwi kuti atumiki ena achangu sanachiritsidwe motero. Timoteo anali kudwala kaŵirikaŵiri, ndipo mtumwi Paulo, amene anachiritsapo anthu ambiri, anangompatsa uphungu wonena za zakumwa zake. Paulo yemweyo anasiya Trofimo akudwala ku Mileto napitiriza ulendo popanda iye. (1 Timoteo 5:23, 2 Timoteo 4:20) Palibe paliponse pamene Malemba amaika liŵongo pa amuna ameneŵa.

Zimene Zinachitika pa Mtsinje wa Besori

6. Kodi nchifukwa ninji amuna 200 a Davide anatsala pa Besori?

6 Chochitika china cha m'moyo wa Davide, asanakhale mfumu, chimasonyeza bwino lomwe kalingaliridwe ka Yehova pankhaniyi. Davide ndi amuna ake 600 anafika ku Zikilaga, kumene anasiya mabanja awo, pa tsiku lachitatu la ulendo wapansi. Anapeza mudziwo utatenthedwa ndi Aamaleki, ndipo akazi ndi ana atatengedwa ukapolo. Amunawo analira mpaka kulefuka, ndipo ena analankhula zomponya miyala Davide. Atafunsira kwa Yehova kupyolera mwa wansembe Abiyatara, Davide anayamba kulondola adaniwo. Koma pamene anafika pa mtsinje wa Besori, amuna 200 anatopa kwakuti sanathe kuwoloka. Taonani mfundo iyi: akazi ndi ana a amuna ameneŵa anali kutsogoloko, m'manja mwa achifwamba. Palibe ndi mmodzi yemwe wa iwo amene anafunikira kusonkhezeredwa. Mtima unali kufuna kuthamanga, koma miyendo inakana.—1 Samueli 30:1-10.

7. (a) Kodi amuna ena anafuna kuwachitira motani otsalawo? (b) Kodi Davide anapereka chifukwa chotani cha chigamulo chake?

7 Amuna 400 anapitiriza, nakantha Aamaleki, ndi kulanditsa zonse, kuphatikizapo nkhosa ndi ng'ombe zambiri. Pobwerera, ena a iwo anaumirira kuti otsala aja angopatsidwa akazi awo ndi ana awo nachoke, popanda kulandirako zofunkha. Kwa munthu wongoona zapamwamba, zimenezo zingamveke zachilungamo. Kodi si iwo amene anaika moyo wawo pachiswe? Koma Davide anakana. Iye anawakumbutsa kuti Yehova ndiye anawasunga ndi kupereka adaniwo m'manja mwawo. Ngati chipambanocho chinali mphatso ya Mulungu, kodi ndani akanadzitama kuti anachipata ndi mphamvu ya miyendo yake? Chotero Davide anagamula kuti wopita kunkhondo ndi wotsala pakatundu alandire gawo lofanana, ndipo zimenezi zinakhala lamulo mu Israyeli. Ndiponso nkofunika kuona kuti amene cholembedwacho chimawatcha oipa ndi opanda pake ndiwo odandaulawo, osati otopawo.—1 Samueli 30:17-25.

8. Kodi chigamulo cha Davide chimagwira ntchito motani kwa wodwala ndi kwa womsamalira?

8 Pamene matenda akhalitsa m'banja, kaŵirikaŵiri pa Besori pamatsala anthu aŵiri: wodwalayo, ndi mnzake wa muukwati amene sangamsiye yekha. Onse aŵiri amaona ena akuwoloka kupita ku mathayo amene iwo anali kuwakonda. Koma Yehova samapima utumiki mwa makilomita amene munthu wayenda. Paulo anafotokoza kuti mphatso imalandirika malinga ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe, ndipo Yesu anaona timakobiri tiŵiri ta mkazi wamasiye kukhala toposa zopereka za olemera onse. (Marko 12:41-44, 2 Akorinto 8:12) Ndiponso, amuna 200 aja sanangokhala chabe. Iwo anasunga katundu, ndipo zimenezo zinapeputsa ulendo wa anzawo.

Thayo Loyamba Lili m'Nyumba

9. Kodi Yesu ndi Paulo anasonyeza motani kuti kusamalira banja kuli mbali ya kulambira?

9 Mkristu wachangu angalingalire kuti maola amene amathera pa kuchapa zofunda ndi kuphika phala abedwa pa utumiki wa Mulungu. Malemba samavomereza lingaliro limenelo. Yesu anatsutsa mwamphamvu atsogoleri achipembedzo amene analola munthu kutcha chuma chake mphatso yoperekedwa kwa Mulungu kotero kuti asathandize nacho makolo ake. Ndipo Paulo ananena kuti wonyalanyaza a m'nyumba yake wakana chikhulupiriro chenichenicho. (Marko 7:9-13, 1 Timoteo 5:8) Ngati chuma sichingabisidwe kuseri kwa kudzipereka kwa Mulungu, ndiye kuti nthaŵi ndi nyonga nazonso sizingabisidwe kumeneko.

10. Kodi mwamuna wosamalira mkazi wake angayang'anizane ndi chitonzo chotani, ndipo kodi chitsanzo cha yani chingamlimbitse?

10 Kumidzi zimenezi zimafuna kulimba mtima, makamaka ngati wodwalayo ali mkazi. Mwamuna amene waoneka pachitsime ndi chigubu, kapena akuyanika zitenje za mkazi wake, sachedwa kukhala nkhani ya pabwalo. Ku Malaŵi amanena kuti anamdyetsa khuzumule. Azilongo ake enieniwo angamfunse ngati m'mudzi monse mwasoŵa mwana wamkazi woti nkumtuma. Komabe, mwamuna wachikristu amauzidwa kukonda mkazi wake monga thupi la iye mwini, kulidyetsa ndi kulisunga bwino. (Aefeso 5:28, 29) Munthu wopweteka dzanja lamanja samachita manyazi kudya ndi lamanzere. Ndipo kodi Mwana wa Mulungu sanadzimangirire nsalu m'chuuno ndi kusambitsa mapazi a ophunzira ake? Ataukitsidwa, atalandira kale ulamuliro waukulu, iye anawayembekezera pagombe la nyanja ali ndi moto wa makala, nsomba, ndi mkate.—Yohane 13:4, 5, 21:9-13.

11. Kodi okwatirana ayenera kulingalira chiyani asanavomereze kuti wodwalayo apite kwawo?

11 Achibale angapereke njira imene imaoneka yapafupi: kumtumiza wodwalayo kwa makolo ake. Ambiri odwalira mumzinda wa Durban amatumizidwa kumudzi mwa njira imeneyi, ndipo Amalaŵi ogwira ntchito kumeneko amasonkherana ndalama kuti mnzawo wodwala akwere basi ya kwawo. Nthaŵi zina zimenezi nzanzeru, ngati onse aŵiri agwirizana ndipo kumeneko kuli chisamaliro chabwinopo ndi chipatala chopitirizira mankhwala. Koma Mkristu ayenera kudzifunsa moona mtima ngati cholinga chili ubwino wa wodwalayo kapena mpumulo wa iye mwini. Mkazi sali chiŵiya chobwereka chimene chimabwezedwa kwa eni ake chikachita mng'alu. Makonzedwe a Mulungu a pachiyambi anali akuti aŵiriwo asiye makolo ndi kukhala thupi limodzi.—Genesis 2:24, Malaki 2:14.

12. (a) Kodi ndi zikhulupiriro zotani zimene zingagaŵanitse okwatirana? (b) Kodi Malemba amathandiza motani?

12 Pali ngozi ina yobisika kwambiri. Matenda akakhalitsa, anthu amayamba kufunafuna wowachititsa. Pakati pa Azulu, chifuwa chosatha ndi kuwonda kaŵirikaŵiri zimatchedwa idliso, ndiko kuti poizoni amene mdani anathira m'chakudya. Pakati pa Acheŵa zizindikiro zofananazo zingatchedwe mdulo kapena tsempho, ndipo chala chimaloza mwamuna kapena mkazi wa wodwalayo, amene amamganizira kuti anayenda njira kapena analumpha mwambo. Motero munthu amene akugona tulo tochepa posamalira mnzake ndiye amasanduka woimbidwa mlandu! Komatu kachilombo koyambitsa TB kanadziŵika kalekale. Robert Koch anakalengeza mu 1882, ndipo kamafalikira mumpweya pamene wodwala atsokomola. Pamene ophunzira anafunsa Yesu amene anachimwa kuti munthu wina abadwe wosaona, iye anayankha kuti sanali munthuyo kapena makolo ake. Okwatirana achikristu amakana kupita kukaombeza, ndipo samalola manong'onong'o a achibale kuloŵa m'chipinda chawo.—Deuteronomo 18:10-12; Mlaliki 9:11; Yohane 9:1-3.

13. Kodi wodwala ndi womsamalira angachitirane motani pamene onse atopa?

13 Ngakhale popanda zonsezo, kutopa kokha kumatulutsa mawu amene munthu sakanawanena. Mkazi wa Yobu amakumbukiridwa chifukwa cha chiganizo chimodzi choipa, koma oŵerengeka okha ndiwo amakumbukira kuti iyenso anali ataika ana khumi m'manda ndi kuonerera mwamuna wake akuwola thupi. Yobu anamdzudzula, komabe anangoyerekezera kalankhulidwe kake ndi ka akazi opusa, popanda kumutcha iye mwiniyo wopusa. (Yobu 2:9, 10) Wodwala nayenso ali ndi mbali yake. Ululu sumampatsa ufulu wa kulamulira nyumba yonse ndi madandaulo. Mawu othokoza kaamba ka nsima imene yatuluka ya mibulu angakhale mankhwala kwa mwamuna amene akuphunzira kugwira mthiko atamera kale imvi.—Akolose 3:13, 15.

Kudziŵa Zimene Munthu Angasenze

14, 15. Kodi mkulu amene mkazi wake akudwala angasonyeze motani kulolera (a) mumpingo? (b) m'mudzi?

14 Bwanji nanga za mathayo a mwamunayo mumpingo? Pamene Yetero anaona Mose akuweruza anthu yekha kuyambira mmaŵa kufikira madzulo, anamchenjeza kuti iye limodzi ndi anthuwo adzalefuka, namlangiza kugaŵira ena ntchitoyo. Mose, mwamuna wofatsa koposa, sanaone uphunguwo monga chipongwe. (Eksodo 18:13-26) Mofananamo, mkulu angafotokozere akulu anzake mkhalidwe wake mosabisa. Mwinamwake angapitirize kuphunzitsa pamisonkhano koma kusiyira wina maulendo a kumipingo yakutali, amene amafuna kugona kunja. Mwinamwake mbale wachichepere wakhala akuyembekezera mwaŵi wa kuphunzira kusamalira maakaunti kapena kutsekula Nyumba ya Ufumu. M'mipingo yaing'ono, kumene akulu ali aŵiri kapena mmodzi yekha, zimenezi nzovutadi, ndipo palibe lamulo limodzi loyenera banja lililonse. Koma popeza chimodzi cha ziyeneretso za woyang'anira ndicho kutsogolera bwino nyumba yake, mwamuna amene wachepetsa zochita kuti asamalire mkazi wake akusonyeza chiyeneretsocho, osati kuchitaya.—1 Timoteo 3:4, 5.

15 Ntchito za m'mudzi nazonso zimafuna nzeru. Akristu amafuna kuchitira anthu onse zabwino, ndipo mnansi amene samaoneka pokonza msewu, pamjigo, kapena pamaliro amatonzetsa dzina labwino. (Agalatiya 6:10) Mmalo mwa kungosoŵa, mwamunayo angapite kwa nyakwaŵa, kapena kwa induna monga amamutchera kwa Azulu, kukafotokoza mwaulemu za matenda a kunyumba kwake. Angapemphe kugwira chigawo chake mmamaŵa, kapena kubwereketsa wilibala ndi fosholo pamene iye sangafike. Anthu a kumudzi amamvetsa matenda. Chimene samachikhululukira msanga ndicho kunyozera.

16. (a) Kodi nchiyani chinavutitsa Epafrodito maganizo? (b) Kodi wodwala ayenera kupeŵa msampha wotani?

16 Kwa mkaziyo chiyeso chili cha mumtima. Iye amene anali kuyendera odwala tsopano ndiye woyenderedwa. Epafrodito anadziŵa ululu umenewo. Mpingo wa ku Filipi unamtuma ulendo wautali kukatumikira Paulo m'ndende, koma iye anadwala kufikira pafupi kufa. Chimene chinampsinja maganizo sichinali nthendayo ayi, koma kuti abale a kwawo anamva kuti anadwala. Mwachionekere analingalira kuti anawagwiritsa mwala. Komabe Paulo anamutcha mbale, wantchito mnzake, ndi msilikali mnzake, nalangiza Afilipi kumlandira ndi chimwemwe ndi kulemekeza anthu otero. (Afilipi 2:25-30) Wodwala amene amachita manyazi angagwere mumsampha wofanana ndi wa woleka mapilisi panjira: tsiku limene wadzuka bwino amalima, amachapa, ndi kukwera chitunda kukalalikira, ndiyeno amagona mlungu wonse. Nkwabwinopo kuchita zochepa zimene adzakhoza kuchitanso maŵa. Iye angaphunzire Baibulo ndi mnansi pakhonde, angalankhule ndi anzake pamzera wa kuchipatala, ndipo palibe onompilo amene angalimbikitse wodwala TB kumaliza mankhwala kuposa munthu amene anawamaliza iye mwini.

Pamene Mpingo Ubwerera ku Besori

17. Kodi chithandizo cha mpingo chimafunika koposa panthaŵi iti?

17 M'chaputala chimodzimodzi Paulo analangiza Akristu kunyamulirana zothodwetsa, ndiyeno anati aliyense adzasenza katundu wake. (Agalatiya 6:2, 5) Thayo la ukwati ndilo katundu amene mpingo sungamlande mwamunayo, koma kulemera kowonjezereka kobwera ndi matenda ndiko chothodwetsa chimene ena angagwirizeko. Mlungu woyamba wa matenda suvuta. Pakhomo pamadzaza anthu, shuga, ndi mapemphero. Mwezi wa 10 ndiwo umayesa ubwenzi, pamene nkhaniyo yazoloŵereka ndipo ndalama zathera pa maminibasi opita kuchipatala. Mwambi wouziridwa umasonyeza kuti bwenzi lenileni limadziŵika ndi kukonda panthaŵi zonse.—Miyambo 17:17.

18. Kodi ndi chithandizo chotani chimene chingapindulitse banja la kumudzi?

18 Chithandizocho sichifunikira kukhala chachikulu. Dokotala wina, Halley Stott, amene anatsegula chipatala chaching'ono ku Botha's Hill, m'mphepete mwa chigwa chotchulidwa poyamba chija, anaona kuti odwala ambiri anali kubwereranso chifukwa cha kusadya mokwanira. Chotero mu 1953 anayambitsa bungwe la Valley Trust, limene linaphunzitsa mabanja kulima ndiwo zamasamba pakhomo ndi kuziphika bwino. Phunziro lake nlosavuta: kuchira kwenikweni kumachitikira pamafuwa ndi padimba. Achichepere aŵiri amene amathirira dimba la banjalo Loŵeruka lililonse, mlongo amene amakhala ndi wodwalayo kuti mwamuna wake apite kumsonkhano kapena angogona masana, mbale wa galimoto amene amadziŵa tsiku la kuchipatala popanda kukumbutsidwa, onseŵa amachita zoposa amene amangonena kuti aitanidwe pakafunika kanthu. Anthu aulemu wawo saitana.—Yakobo 2:15, 16.

19. Kodi Davide anachita chiyani choyamba atabwerera kwa amuna 200, ndipo kodi akulu angamtsanzire motani?

19 Cholembedwa cha pa Besori chili ndi mfundo ina yaing'ono yosavuta kuiphonya. Pamene amuna 200 aja anatuluka kukachingamira opambanawo, mosakayikira ali ndi manyazi, Davide anayandikira kwa iwo nawafunsa za moyo wawo. Anachita zimenezi asanasimbe za nkhondo ndipo nkhani ya zofunkha isanabuke. (1 Samueli 30:21) Akulu okwera chitunda kukachezera okwatirana aja angayambe mwa njira imodzimodziyo. Mmalo mwa kufunsa chifukwa chake sanaoneke pamisonkhano itatu yapitayo, angafunse mmene amayiwo anagonera, ndiyeno, zimene kaŵirikaŵiri zimaiŵalika, atembenukire kwa mwamunayo ndi kumfunsa mmene iyenso akupezera. Angaŵerenge nawo lonjezo la Yesaya 33:24 la nthaŵi pamene wokhala m'dziko sadzadandaulanso za kudwala. Ndipo potsazikana, ngati zigubu za pakhonde zili zopanda madzi, mpopi uli m'munsi mwa chitunda chomwecho chimene iwo adzatsika.